Mkono wa Pachithunzi

1

Sutikesi ya mlamu wanga ndinaiponya pakhonde ndine. Sindinatume munthu. Ndinainyamula ndi manja anga awiriwa, zipi yake isanatsekedwe n'komwe, n'kuiponya mwakuti nsapato imodzi inagubuduka mpaka pageti. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene akukulemberani.

Kwathu tinabadwa awiri: achimwene, amene amakonza mafiriji, ndi ine chitsirizira. Bambo anamwalira tili ang'ono. Amayi anapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo amakhala ndi achimwene m'nyumba imene tinakuliramo. Ine ndimachita lendi kachipinda kamodzi chapafupi pomwepo. Abale akandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndinkangoti, "Za pa intaneti," iwo n'kugwedeza mutu ngati amva.

Mlamu wanga ndi kalaliki pakampani ina. Ndinamupatsa dzina loti Mayi Lisiti, chifukwa ngakhale atagula singano amafunsa lisiti, n'kukaisunga m'chitini cha mabisiketi chimene chimakhala pamwamba pa kabati. Ndinkadana naye, ndipo sindinkabisa. Sanandilakwire chilichonse chogwirika. Kungoti chibwerereni iye, amayi akamva geti likulira ankafunsa kuti, "Kodi ndi mpongozi wanga?" Funso limenelo kale linali langa.

2

Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mwezi ndi mwezi ankalawirira kuchipatala kukaima pamzere theka la tsiku kuti awayeze BP n'kulandira mankhwala. Ankabwerako miyendo itatupa, akunyoza boma, anamwino ndi mabenchi omwe.

Loweruka lina masana ndili komweko, wanjinga yamoto anaimba belu pageti. Mlamu anatuluka n'kubwera ndi katoni yaing'ono yoyera, akumwetulira ngati wapambana mpikisano.

"Amayi, zoima pamzere kungofuna kuyezedwa zatha. Awa ndi makina oyezera BP. Muzidziyeza nokha kunyumba kuno."

Ndinaiyang'ana katoni ija kanthawi. Kenako ndinati, "Mwagula kuti zimenezi, alamu?"

"Pa intaneti. Kusitolo ya mankhwala mtengo wake ndi wowirikiza kawiri."

"Ndiye mumazikhulupirira za pa intanetizi?"

"Sindinangogula mwachimbulimbuli ayi. Ndawerenga ndemanga za amene anagula kale. Onse apereka nyenyezi zisanu. Mayi wina walemba kuti anagulira mayi ake, ndipo atapita nawo kuchipatala anamwino anayerekeza ndi makina awo, manambala n'kufanana. Waika ndi chithunzi chomwe."

"Chabwino," ndinatero. "Ophunzira ndinu."

Amayi anatambasula mkono, mlamu n'kuwamanga lamba wa makinawo. Anafufuma, analira, kenako anaonetsa 122. Amayi anawomba m'manja. Anapeza kope lakale la sukulu, n'kulemba mizere ndi rula ngati kaundula wa ana, ndipo m'mawa uliwonse ankalembamo nambala ya tsikulo. 118. 124. 121.

Manambala okongola amenewa anawalowa m'mutu. Mwezi wachiwiri anati kuchipatala kulibe chokatenga. Wachitatu anayamba kuthyola piritsi pakati. Wachinayi ankangomwa akakumbukira. Mutu ukawawa ankati ndi magalasi. Mlamu ankawachonderera kuti asasiye mankhwala, iwo n'kumuonetsa kope lija.

"Makina akowa akuti ndili ndi mtima wa mtsikana. Ndiye ukutsutsana ndi makina ako omwe?"

3

Lachiwiri lina m'mawa amayi anagwa akuyanika zovala. Woyandikana nawo ndiye anawapeza, kukamwa kutapindika, dzanja lamanja likukana kugwira chilichonse. Pamene ndinkafika kuchipatala n'kuti adokotala atanena kale kuti ndi sitiroko.

Ndinagwada pambali pa bedi. Ndi dzanja lamanzere limene linatsala lamoyo, amayi anandigwira pamkono, pachipsera changa chenicheni. Ndili ndi chipsera chooneka ngati nsonga ya simbi, m'munsi mwa chigongono cham'kati. Ndinapsa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndikusita mobisa, ndipo amayi ndiwo ankandimanga balalo milungu itatu. Anandigwira pamenepo akufuna kulankhula, koma mawu sanatuluke.

Mlamu anabwera ndi kope lija ndi makina omwe, kuti aonetse adokotala kuti dzulo lake lomwelo BP inali bwino. Namwino wina wachikulire anatenga makinawo n'kuwamanga amayi kumkono. Anaonetsa 123. Anachotsa, n'kumanga a chipatala. Anaonetsa 204.

Namwino uja sananene zambiri. Anangofunsa kuti, "Anagula ndani zimenezi?"

Tonse tinatembenukira kwa mlamu.

Titabwerera kunyumba madzulo ake, achimwene anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anatenga makina aja, n'kumanga lamba wake kumwendo wa tebulo la pabalaza, n'kudina batani. Anafufuma, analira, n'kuonetsa 120.

"Mwaona," anatero achimwene. "Tebulo lathu lili ndi thanzi labwino."

Mlamu anatsegula foni kuti awaimbire ogulitsa aja. Nambala yawo sinkapezeka. Tsamba lawo linali litafufutidwa, ngati silinakhalepo.

4

Sabata isanathe kunabwera azakhali, mlongo wa malemu bambo, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale kumaliro. Anapeza moto ukuyaka kale, ndipo wokoleza ndinali ine.

"Azakhali, munthu amasunga lisiti ya singano, koma moyo wa apongozi ake n'kukaugula kwa anthu osawadziwa ndi nkhope yomwe. Chifukwa chani? Kutchipa. Akanakhala mayi ake omubala akanawagulira zotchipa?"

"Akanagula kusitolo yeniyeni," anavomera azakhali.

"Ndipo ine ndinafunsa tsiku lomwelo. Achimwene, sindinafunse ine? Ndinati mumazikhulupirira zimenezi? Anandiyankha ngati ndine mbuli."

Achimwene anangokhala, mutu uli m'manja. Amamukonda mkazi wawo, koma akayang'ana amayi atakhala panjinga ya olumala, malovu akutsikira pachibwano, chikondicho chinkasowa poima.

Mlamu sanadziikire kumbuyo. Anangoti, "Ndinalakwa, ndavomera. Koma anthu amenewa sangangopita chonchi. Pali ofesi yoteteza ogula. Ndikadandaula."

Ndinamudula mawu. "Mukadandaula chiyani? Za pa intaneti zikapita zapita. Mukufuna mutichititsenso manyazi m'maofesi? Zinyalalazi n'zofunika kutaya basi."

Ndinatenga makina aja ndi katoni yake n'kukaponya m'bini kuseri. Mlamu ananditsatira, n'kupisa dzanja m'bini muja pakati pa makoko a mazira, n'kuzitulutsa. Anazipukuta ndi nsonga ya siketi yake osandiyang'ana.

"Mwaona mwano wake?" ndinakuwa. "Achimwene, sankhani. Kapena uyu, kapena amayi. Ine sindingalole kuti amayi azidyetsedwa ndi dzanja lomwe lawapundula."

Achimwene ananena motsitsa kuti mwina mlamu akakhale kaye kwa mkulu wake mpaka mitima itazizira. Mawu oti "kaye" aja ine sindinawamve. Ndinalowa kuchipinda kwawo, ndipo za sutikesi ndakuuzani kale.

Mlamu anatola nsapato yake pageti. Anabwerera m'nyumba kamodzi kokha, kukatenga chitini cha mabisiketi. Podutsa pabalaza anagwada pamaso pa amayi, n'kuwapukuta pachibwano, n'kutuluka. Amayi anamuyang'ana mpaka geti litatsekeka.

5

Ndinasamukira kunyumba kuja kuti ndizisamalira amayi. Ndinapeza zimene ndinkafuna: nyumba yopanda Mayi Lisiti. Koma sindinkadziwa piritsi la m'mawa ndi la madzulo, sindinkadziwa kuwatembenuza osawapweteka, ndipo geti likalira amayi ankatembenuzabe mutu mwachangu, n'kuubweza akaona kuti ndine. Achimwene anaonda. Ankachoka m'mamawa, n'kubwera atatopa, osalankhula ndi munthu.

Patatha milungu itatu, azakhali anaitanitsa mkumano woti nkhani ya banjali ithe. Kunabwera amalume, mlongo wa amayi, amene anakhala pampando wa malemu bambo. Linali Lamulungu masana, kukutentha, koma ine ndinavala bulauzi ya manja aatali. Amayi tinawaika pafupi ndi zenera.

Mlamu anafika ndi mkulu wake, atanyamula envulopu yakhaki. Azakhali anayamba ndi kuwerenga milandu yake. Ine ndinathirapo ndemanga zanga, zina zoona, zambiri zokometsera. Iye anadikira mpaka titatha mpweya.

"Amalume, ndingalankhule?"

"Lankhulani, mayi."

"Kuofesi kuja ndinapita. Anandifunsa umboni, chifukwa tsamba linafufutidwa. Mwamwayi ine ndisanalipire chinthu pa intaneti ndimayamba ndajambula tsamba lonse pafoni: mtengo, nambala yolipirira, malonjezo awo, ndi ndemanga zomwe. Alamu anga amandiseka nazo, koma ndi khalidwe langa."

Ndinakokera pansi mkono wa bulauzi yanga, iye akupitiriza.

"Bambo wa kuofesiyo anaika zithunzizo pakompyuta. Anafuna kuwerenga nambala ya fakitale imene imakhala pambali pa makina, ndiye anakulitsa chithunzi cha mayi uja amene anati anagulira mayi ake. Anapeza kuti makina a pachithunzi ndi enieni, ali ndi nambala. Athuwa alibe. Anandiuza kuti anthu otere amakhala ndi chinthu chimodzi chabwino chojambulitsa, n'kumalipira anthu kuti azilemba ndemanga zabodza. Ine pafoni ndinkangoyang'ana manambala a pamakina. Pakompyuta paja ndi pamene ndinaona mkono."

Anatulutsa pepala lalikulu m'envulopu muja. Sanapatse amalume, sanapatse achimwene. Anadutsa pakati pa tonse n'kukaliika pamiyendo pa amayi.

Amayi analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lawo lamanzere, n'kuika chala pamalo amodzi, m'munsi mwa lamba wa makina, pamene panali chipsera chooneka ngati nsonga ya simbi. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Iwe," anatero achimwene. "Pinda mkono wa bulauzi."

"Achimwene, anthu a zipsera ndi ambiri."

"Ndati pinda."

Ndinapinda.

6

Tsopano ndikuuzeni ntchito yanga ya pa intaneti ija. Ndinali ndi maakaunti asanu ndi imodzi, iliyonse ndi dzina lake ndi nkhope yake yobera kwina. Pa imodzi ndinali mayi wa ana atatu, pa ina mphunzitsi wopuma, pa ina mnyamata wokonda mpira. Wogulitsa ankanditumizira katundu mmodzi wabwino. Ndinkamujambula patebulo langa kapena pathupi langa kuti zioneke zapakhomo, n'kulemba ndemanga zisanu ndi imodzi zosiyana kalembedwe, n'kubweza katunduyo tsiku lotsatira. Ankandilipira pa ndemanga iliyonse. Munthu akalemba dandaulo patsamba, ankanditumizira uthenga kuti ndilembe zina zitatu msangamsanga, dandaulolo litsike pansi kumene anthu safika powerenga.

Ndalembera mafuta odzola amene sindinadzolepo, machaja amene sindinalumikizepo, nsapato zimene sizinali saizi yanga. Ndinkadziuza kuti si ine wogulitsa, ine ndimangolemba. Ndemanga ya makina a BP ndinaikonda kwambiri. Nkhani ya anamwino oyerekeza manambala ndinaipeka ndikumwa tiyi, ndipo ndinadzitama kuti ndili ndi mutu.

Zonsezi ndinaulula pabalaza paja, ndikulira, ndikuti sindinkadziwa kuti zidzafika pakhomo pathu. Amalume anavula magalasi n'kumawapukuta osamaliza. Ndinayamba kuganiza kuti mwina choipitsitsa chadutsa.

Koma mlamu anali ndi funso limodzi.

"Alamu, zolembazo ndazimva. Njala imapangitsa zambiri. Ine ndikufunsa za Loweruka lija. Katoni ikufika munalipo. Munaiyang'ana nthawi yaitali. Munaidziwa?"

Ndikanatha kunama. Panalibe chithunzi cha zimene zinali mumtima mwanga tsiku lija. Koma amayi anali akundiyang'anabe, chala chawo chikadali papepala.

"Ndinaidziwa."

"Munadziwa kuti makinawo ndi abodza?"

"Panali madandaulo awiri. Wina analemba kuti amangoonetsa nambala imodzimodzi. Ndinawakwirira ndine."

"Ndiye miyezi inayi amayi akulemba m'kope muja, akuthyola mapiritsi, inu mukubwera Loweruka lililonse kudzadya nawo."

Apa ndiye pamene ndilibe podzitchinjiriza, owerenga. Ndinkati ndikanena, andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinkati ndidzagula ena enieni mwezi ukatha n'kusinthanitsa mwakachetechete, koma mwezi unkatha ndalama n'kupita kwina. Ndipo pansi pa zifukwa zonsezi panali china chonunkha kwambiri. Ndinkayembekezera tsiku limene makinawo adzadziwike kuti ndi achabechabe, kuti Mayi Lisiti, wochenjera uja, wokondedwa uja, adzachite manyazi pamaso pa amayi. Ndinkaganiza kuti zidzatha ndi kuseka. Sindinaganize za chingwe choyanikira zovala ndi amayi atagona pansi pake.

Achimwene anaimirira. Ndinkayesa andimenya, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangopita kuchipinda chimene ndinkagona, n'kutulutsa chikwama changa, n'kuchiika pakhonde bwinobwino, osachiponya.

7

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Mlamu sanabwerere tsiku lomwelo. Achimwene anayenda maulendo anayi kukapepesa, ndipo iye anawauza kuti akubwerera chifukwa cha amayi, zinazo aziona pang'onopang'ono. Mpaka lero sindikudziwa ngati banja lija linachira kapena langomangidwa bandeji.

Ine ndinapita ndekha kuofesi yoteteza ogula ija. Ndinapereka manambala onse amene ankandilipirira, mauthenga onse, ndi malo amene ndinkabwezako katundu. Anapezako chipinda chodzaza makatoni oyera. Nkhaniyo ikadali m'manja mwawo, ndipo dzina langa lilimo, osati ngati mboni yokha. Mlamu anabwezeredwa ndalama zake zonse, monga mwa ufulu wake. Anaika pepala lake m'chitini cha mabisiketi. Ndalamazo sizinakwane ngakhale matayala a njinga ya amayi.

Inu amene mumagula zinthu pafoni, ndimvereni ine amene ndinali mbali inayo. Nyenyezi zisanu zija nthawi zina ndi munthu mmodzi wokhala pakama ndi mafoni awiri. Tsikirani pansi, mukawerenge wodandaula uja amene wakwiriridwa, chifukwa kawirikawiri ndiye yekha amene anagula. Funsani kumene sitolo ili, jambulani tsamba musanalipire, sungani lisiti ndi katoni, ndipo akakuberani kadandauleni, musamvere anthu ngati ine okuuzani kuti zikapita zapita. Chinthu chokhudza moyo wa munthu kachiyezetseni kwa odziwa musanachikhulupirire. Ndipo inu anzanga olemba ndemanga zaganyu, amene mumati mumangolemba, dziwani kuti wowerenga simumusankha. Wanga anali mkazi wa achimwene anga, ndipo mkono umene unavala bodza langa unali wa amayi anga.

Amandilola kupita kwa amayi Lamulungu masana, kwa ola limodzi. Amayi tsopano amatha mawu angapo. Pali makina ena atsopano, ogula kusitolo ya mankhwala, amene namwino uja anawayesa yekha. Lamulungu lapitali mlamu anali kukhitchini, nthawi yoyeza itakwana. Ndinatenga makinawo pakabati, n'kugwada, n'kumasula lamba.

"Amayi, bweretsani mkono ndikuyezeni."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana lamba uja. Pang'onopang'ono anakokera mkono wawo wamoyo uja pachifuwa, n'kutembenukira kukhomo la kukhitchini. Mawu anatuluka movutikira, koma anamveka onse.

"Mpongozi wanga abwere."

Ndinaika makina patebulo n'kupita kukamuitana.